Tsiku Limene Mwendo Wanga Unachirikiza Mtsuko

Ku Lilongwe, mu ofesi ina yoona za zinthu zamakedzana, muli chithunzi chimene ndimapemphera kuti adzukulu anga asadzachione. Nkhope yanga mulibemo, ndipo pa chimenecho ndimathokoza. Muli mwendo wanga wamanzere wokha, buluku atakwinyidwa mpaka m'bondo, msongolo uli mbuu chifukwa tsiku limenelo ndinaiwala kudzola. Ndimamva kuti aliyense woona chithunzicho amafunsa za chinthu chimene chatsamira mwendowo. Za mwini mwendo palibe amafunsa, ndiye ndaona kuti ndifotokoze ndekha.

Ine ndine telala. Zaka zimenezo, zipani zambiri zitangoyamba kumene, ndinkasoka pakhonde la sitolo ina yakale pa boma la Dedza. Sitoloyo anamanga Mmwenye wina agogo anga akali anyamata, ndipo makoma ake anali okhuthala moti mwana akanatha kugona pazenera osagwa. Mmwenyeyo atachoka, munasungidwa feteleza, kenako munakhala mileme. Ine ndinkagwiritsa ntchito khonde ndi kachipinda kakumbuyo, momwe ndinkasungamo makina, simbi yositira ndi thumba la zigamba. Malonda ankayenda bwino. Chipani chilichonse chinali ndi nsalu yakeyake, ndipo amayi a zipani zonse ankafuna mabulauzi (ine ndinkavomereza zonena za aliyense amene ndikumuyeza, popeza munthu amene akugwira tepi sayenera kukangana).

Kenako sitoloyo inagulidwa ndi bambo wina amene anali atangobwerera kuchokera kunja, kumene anathawira nthawi ya chipani chimodzi. Ankafuna pakhale podyera ndi zipinda zogona alendo. Anabweretsa amisiri ndi kapitawo wawo, a Sitima, munthu wamtali wosakonda kudikira chilichonse, ngakhale tiyi kuti azizire. Ine anandilola kukhalabe pakhonde mpaka ntchito idzafike pamenepo.

Amisiri asanagwetse njerwa ngakhale imodzi, kunabwera Mayi Mbewe, ochokera ku ofesi ya boma ija yoona za zinthu zamakedzana. Anatsika minibasi ndi chikwama cha kumsana, atavala buluku. Masiku amenewo akazi anali atangololedwa kuvala mabuluku, ndipo aka kanali koyamba kuona mayi wachikuda wa msinkhu wa mkazi wanga atavala, akuyenda pa boma osayang'ana uku ndi uku. Anthu onse anayang'ana mayiyo. Ine ndinayang'ana msoko (unali wa fakitale, koma wabwino). Anatifotokozera kuti nyumbayo ndi imodzi mwa zakale kwambiri pa boma, ndipo pokonza nyumba yotere pamayenera kukhala munthu woonetsetsa zimene zikutuluka m'nthaka, kuti zakale zisatayidwe limodzi ndi zinyalala.

A Sitima sanamukonde mlendoyu. Mmisiri akakumba ngalande n'kutulutsa phale, Mayi Mbewe ankaimitsa khasu, n'kugwada, n'kuyamba kusesa dothi ndi kaburashi konga kotsukira mano. A Sitima ankabwera pakhonde kudzadandaula kwa ine.

"A telala, inu munaona kuti munthu wophunzira akutola mapale? Kwathu timawotcherapo mtedza amenewa."

Ine ndinkavomereza, monga mwa chizolowezi. Mayi Mbewe akabwera kudzapumira pabenchi langa n'kunena kuti a Sitima ndi opupuluma, ndinkavomerezanso.

Tsiku lina mayiwo analowa m'kachipinda kanga kaja, akugogoda pansi ndi chigwiriro cha kampeni kawo ka omanga. Pakona imodzi pankalira bwinobwino. Pakati pankalira ngati ng'oma. Anatenga chingwe n'kuchimanga chopingasa pakhomo, kenako anabwera kwa ine.

"Bambo, m'chipindamu musalowenso. Pansi pake pali mphako. Mawa abweretsa matabwa, tidzakutulutsirani katundu wanu."

"Ndamva, mayi."

"Mwamvadi?"

"Ndamva ndithu."

Makina anali kale pakhonde. Chimene chinatsalira m'katimo ndi simbi, pashelefu ya kukhoma la kutsidya, ndi thumba la zigamba.

M'mawa mwake linali Lachisanu, m'nyengo yozizira, nkhungu itaphimba phiri mpaka m'munsi. Ndinali nditamaliza diresi la ukwati la mtsikana wa ku Lobi. Ukwatiwo unali Loweruka, ndipo mayi ake a mtsikanayo, a Nachisale, anali atanena kuti abwera kudzatenga masana kuti apeze galimoto yobwerera. Linangotsala kusita basi. Matabwa anali asanabwere. Amisiri anali kuseri akumwa tiyi, ndipo ine ndinali nditamwa nawo makapu awiri aakulu chifukwa cha chisanu (mukumbukire tiyi ameneyu). Mayi Mbewe anali ku ngalande ya kumbuyo.

Ndinaima pakhomo paja n'kuyamba kudziuza zinthu zanzeru. Pansi pamenepa ndapondapo zaka zambiri, m'mawa ndi madzulo, nditasenza makina. Lero ndilibe makina, ndiye kuti ndapepuka. Mayiwa abwera dzana, ine ndakulira pano. Chimene sindinkadziwa n'chakuti dzulo lake amisiri anali ataphwanya simenti m'mbali mwa khoma kuti aone maziko, ndipo m'mbalimo ndi mmene munkagwira zonse.

Diresi sindikanalisiya pakhonde. Kunali fumbi la laimu, komanso mbuzi ina ya pamsika inali itandidyerapo kale lamba wa yunifolomu. Ndinalipachika pamkono, n'kudumpha chingwe chija mwaulemu, ngati munthu wolowa m'nyumba ya apongozi.

Ndinafika pakati. Simbi ndinkaiona bwinobwino, chitseko chake cha makala chili chotsegula. Kenako ndinamva kulira konga kwa bisiketi ukamamuthyola, ndipo shelefu inayamba kukwera m'mwamba. Zinanditengera kanthawi kuti ndizindikire kuti shelefu ili pomwepo, amene akutsika ndine.

Fumbi litachepa, ndinapezeka ndaima m'dzenje, simenti ikundilekeza m'khwapa. Manja onse anali m'mwamba, atanyamula diresi. Mpaka lero sindidziwa kuti ndinalikweza nthawi yanji. Mutu sunaganize, manja a telala anangochita okha. Miyendo sindinkaiona, koma ndinkamva kuti dothi lozizira laikwirira mpaka m'akakolo, ndipo chinthu china cholemera, chosalala, chatsamira msongolo wanga wamanzere.

A Sitima ndiwo anayamba kufika, kapu ili m'manja. Anayang'ana mutu wanga, anayang'ana diresi, n'kufunsa ngati ukwati wake uchitikire pomwepo. Amisiri anaseka mpaka wina anakhala pansi. Kenako a Sitima anayandikira chokwawa m'mbali mwa khoma, n'kundigwira chigongono kuti andikoke.

"Dikirani kaye, a Sitima."

Anali Mayi Mbewe. Sanakweze mawu. Anagwada pakhomo n'kundiyang'ana m'maso.

"Mwavulala, bambo?"

"Ayi, mayi."

"Zala za kumapazi zikugwedezeka? Magazi mukuwamva penapake?"

Ndinayesa zala. Zinali bwino. Ndinadikira kuti andikumbutse za chingwe, koma sananene kanthu, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipidwa. Anatumiza mmisiri kukazula matabwa pa chikwerero cha omanga, anawayala mopingasa pa dzenjelo, n'kugona chafufumimba pamwamba pake. Mutu wawo unalowa pampata wa pakati pa nthiti zanga ndi simenti, tochi ili m'manja. Anaunika pansipo nthawi yaitali. Ine manja ali m'mwamba chikhalire.

Atadzutsa mutu, nkhope yawo inali itasintha. Analankhula motsitsa ngati tili m'tchalitchi.

"Bambo, mwendo wanu wamanzere musausunthe."

"Ndi njoka?"

"Ndi mtsuko. Wathunthu."

Anandifotokozera mmene zinakhalira. Mmwenye uja anali atakumba kachipinda ka pansi, mwina kosungiramo palafini, kenako n'kukatseka ndi matabwa ndi simenti. Matabwawo anaola kalekale. Pamene ndinkagwa, ndinagumula khoma ladothi la kachipindako, ndipo kuseri kwa khomalo kunali dzenje lina, lakale kwambiri kuposa sitolo. Mtsuko unali m'dzenje limenelo. Dothi louchirikiza litachoka, unapendekeka, ndipo ukanagubuduka n'kugwera pa zidutswa za simenti ukanapanda kupeza mwendo wanga.

"Ndikuuzeni zoona," anatero. "Mukanena kuti tikutulutseni, tikutulutsani pompano. Munthu ndi wofunika kuposa mtsuko. Koma uli ndi mng'alu, ndipo mwendowo ukachoka, usweka. Ndikufuna nthawi yoti ndiumange n'kuutchinjiriza."

"Nthawi yaitali bwanji?"

"Sindinganame. Si yochepa."

Ndikanakonda kunena kuti ndinavomera chifukwa chokonda mbiri ya dziko lathu. Ndinavomera chifukwa cha manyazi. Munthu amene wadumpha chingwe alibe mawu okanira.

Vuto loyamba linali diresi. Manja anga anali atatopa, koma panalibe woti alilandire. Amisiri onse anali ndi laimu, Mayi Mbewe anali ndi matope, a Sitima anali ndi zonse ziwiri. Mapeto ake a Sitima anapukuta nsungwi ndi mpango wawo, analikola paphewa, n'kutuluka nalo likupepezeka ngati mbendera ya pamsonkhano. Anthu a pamsewu analiona, ndipo ndi mmene khamu linayambira.

Mayi Mbewe anayamba ntchito. Ankachotsa dothi pang'onopang'ono ndi kampeni, n'kumaliika m'kambale, n'kumapatsira mmisiri. Koma mbali ya mtsuko yoyang'ana kukhoma sankaiona, chifukwa thupi langa linatseka.

"Mungathe kuwerama osasuntha mwendo? Ndikufuna mundiuze ngati mng'aluwo wazungulira."

Anandipatsa tochi. Ndinagwira thabwa ndi dzanja limodzi, ndinapinda bondo lamanja lokha, n'kulowetsa mutu pansi pa simenti.

Phokoso la pamwamba linazimiririka. Pansipo pankanunkha ngati mvula yoyamba. Ndinawalitsa tochi pa khoma logumukalo, ndipo ndinaona kuti dothi linali m'mizeremizere, ngati nsalu zosanjikizana pashelefu. Pamwamba penipeni simenti ya Mmwenye. Pansi pake zidutswa za njerwa. Kenako dothi lakuda lokhuthala, lopanda chilichonse. Pansi pa lakudalo panali mzere wa phulusa ndi makala, wowongoka ngati wina wachita kujambula, ndipo pansi pake katondo wofiira. Dzenje la mtsuko linayambira pa phulusapo kutsika. Ine ndinkati sitolo ija ndiyo chinthu chakale pa Dedza, koma apa inali ngati kansalu kopyapyala koyala pamwamba.

Kenako ndinayang'ana mtsukowo. Unali waukulu ngati wofululira mowa, wakuda, wamimba yozungulira bwino, ndipo unatsamira mwendo wanga ngati mwana wogona. M'khosi mwake munali zokongoletsa zimene sindinazionepo pa mtsuko uliwonse wa pamsika: timadontho tating'onoting'ono todinda, m'mizere yopendekera uku, kenako yopendekera uko, kuzungulira khosi lonse. Ndinatsata mizereyo ndi tochi, ndikuiyeza ndi maso monga ndichitira ndi msoko wa telala mnzanga. Inali yofanana mipata, yosaphonya. Koma nditafika kuseri, kumene mzere womaliza umakumana ndi woyamba, ndinapeza kuti malo anamuchepera woumbayo. Mizere itatu yomaliza anaipanikiza pamodzi, n'kusalaza pang'ono ndi chala kuti zisaoneke.

Ndinaseka ndekha m'dzenjemo. Zimenezo n'zimene ndimachita ine mapindo a siketi akakana kukwanira. Ndimawapanikizira kumbuyo, pafupi ndi zipi, n'kupemphera kuti mwini wake asatembenuze. Ndipo pamene anasalazapo panali chidindo cha chala chake, timizere tonse tikuoneka, ngati wangochotsapo dzanja kuti akatakase moto.

"Mwaona chiyani?" anafunsa Mayi Mbewe pamwamba.

"Mng'alu sunafike kuno. Koma pali chala cha munthu."

"Zimapezeka. Chachikulu?"

Ndinayandikitsa chala changa chachikulu, osakhudza. "Chaching'ono kuposa changa."

"Mwina ndi mayi. Kapena mtsikana amene ankaphunzira."

"Wa liti, mayi?"

"Sindingadziwe mpaka makalawo akayezedwe. Koma zokongoletsa zoterezi n'zakale kwambiri. Angoni asanabwere, azungu asanabwere. Mwina ngakhale maina a mafumu amene timawadziwa anali asanamveke."

Pamenepo ndinaona kuti pa mng'alu wa kukamwa kwa mtsukowo pakutuluka tinthu takuda, tikugwera pa dothi la pa nsapato yanga kamodzikamodzi. Ndinaganiza kuti ndi zitosi za mbewa. Ndinatola pang'ono n'kupereka pamwamba. Mayi Mbewe anatiyang'ana pachikhatho, anatembenuza kamodzi ndi chikhadabo, ndipo ndinamva akupuma mozama.

"Ndi mapira. Anapserera, n'chifukwa chake sanaole."

"Mapira? Nanga chimanga?"

"N'kutheka kuti nthawi imeneyo chimanga chinali chisanafike kuno."

Ine ndinakulira cha ku Mayani, kumene chimanga chimakwera mpaka pa miyala ya m'phiri. Ndinkaganiza kuti Mulungu polenga Dedza analenga ndi mizere yake yomwe. Tsopano ndinali nditaima m'dzenje, nditagwira chakudya cha anthu amene sanaonepo chitsononkho. Wina anakolola mapira amenewa, anasankha abwino, anawathira mu mtsuko, anawakwirira kuti mwina adzadzale mvula ikagwa. Kenako moto unadutsa, ndipo sanabwerenso. Phiri limene ankaliona akatuluka m'nyumba ndi lomweli limene ine ndimaliona ndikamalowetsa ulusi mu singano. Chisanu chimene chinkamuluma m'mawa ndi chomwechi. Kwa kanthawi ndinaiwala kuti ndine munthu wamkulu amene wagwera m'dzenje chifukwa cha simbi.

Amene anandikumbutsa ndi anthu. Nditadzutsa mutu, zenera lonse linali nkhope zokhazokha. Masiku amenewo anthu anali atangomasuka kulankhula, ndipo nkhani zinkathamanga kuposa njinga. Ena anamva kuti telala wapeza golide wa Mmwenye. Ena anamva kuti pansi pa sitolo pali njira yotulukira ku Mozambiki. Nkhani imene inafika kunyumba kwanga inali yakuti khoma landigwera.

Mkazi wanga, a Nabanda, anafika chitenje chili m'manja, mpango utapendekeka, maso ali ofiira. Khamu linawapatsa njira. Anaima pa chingwe chija (iwo sanadumphe) n'kuona mutu wa mwamuna wawo utamera pa simenti ngati dzungu.

"Ndinamva kuti mwafa."

"Sindinafe, amake Tiya."

"Mwathyoka?"

"Ayi."

"Nanga bwanji simukutuluka?"

"Ndikugwira mtsuko."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Chikwatiranireni, kunyumba simunagwirepo mtsuko."

Pazenera panamveka kuseka kumene kunafika mpaka pamsewu, chifukwa a kutsogolo ankabwereza mawuwo kwa a kumbuyo. Koma mkazi wanga ndi munthu wa ntchito. Atamva za diresi, anauza a Sitima kuti akole simbi ndi nsungwi yomwe ija, anakapempha makala kwa mayi wokazinga mandasi, n'kuyamba kusita pakhonde. Ndinkamumva akufotokozera aliyense wodutsa kuti ayi, sanafe, akuti akugwira mtsuko.

Nthawi inkapita. Mwendo wamanzere unayamba kutentha, kenako kubaya, kenako unangochita dzanzi ngati si wanga. Nyerere ina inapeza njira m'buluku wamanja n'kuyamba ulendo wake mosapupuluma. Fumbi linkandishosha m'mphuno, ndipo nthawi iliyonse imene ndinkafuna kuyetsemula, Mayi Mbewe ankagwira mtsuko ndi manja awiri n'kunena kuti tsopano mukhoza. Sindinaganizepo kuti ndidzapempha chilolezo choyetsemulira. Ndiye panali tiyi uja. Anayamba kundikumbutsa za iye mwaulemu, kenako mosapita m'mbali. Ndinafunsa ngati tatsala pang'ono. Anati tatsala pang'ono. Ndinazindikira kuti anthu ofukula zakale akati pang'ono, amayeza ndi zaka za mitsuko yawo.

M'kati mwa zimenezi ndi mmene anajambula chithunzi chija. Anati ayenera kujambula mtsuko uli pamalo pake asanausunthe. Anaimika kandodo koyezera pambali, n'kundipempha kuti ndikwinye buluku chifukwa akubisa khosi la mtsuko. Ndinakwinya. Msongolo wanga unawala pa tochi.

Kenako kunafika a Nachisale, mayi a mkwatibwi. Anali mayi wachikulire, wamfupi, wa korona m'khosi. Ndinayembekezera mawu, chifukwa galimoto ya ku Lobi siidikira munthu. Anaona diresi likusitidwa, anamva nkhani yonse kwa mkazi wanga, n'kubwera pakhomo.

"A telala, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera bwino, kaya inu amayi?" (Munthu angayankhe bwanji?)

Anapempha kuti aone nawo. Mayi Mbewe anawagwira dzanja n'kuwagwaditsa pa thabwa, n'kuwalitsa tochi. A Nachisale anayang'ana mtsukowo, kenako Mayi Mbewe anawaonetsa mapira aja m'kambale. Sanafunse kuti ndi a liti kapena agulitsidwa zingati. Anakonza chitenje chawo, anawomba m'manja mofatsa monga tichitira pofika pakhomo la eni, n'kulankhula molunjika m'dzenjemo.

"Pepani eni ake, takusokonezani. Sitinadziwe kuti muli pano."

Amene ankaseka pazenera analeka. Mmisiri wina anavula chipewa. A Sitima, amene ankanena za kuwotcha mtedza aja, anatsamira khoma akuyang'ana pansi. Ine ndinali pafupi kwambiri ndi eni akewo kuposa wina aliyense, ndipo ndinapezeka kuti nanenso ndanena pepani chamumtima, popeza amene anawagumulira khoma ndine.

Dothi litachoka mokwanira, Mayi Mbewe anati akufuna nsalu zoti amangire mtsuko kuti mng'alu usakule. Mabandeji amene anali nawo anali ochepa. Ndinawauza za thumba langa la zigamba, limene linali pakona yolimba ija. Analikoka, n'kuyamba kung'amba timizere. Munali zotsala za mabulauzi onse aja, zachikasu, zobiriwira, zabuluu, zina zili ndi theka la nkhope ya mtsogoleri. Iwo ankakulunga mbali yawo n'kundipatsira nsonga, ine n'kuzungulitsa kuseri n'kubweza. Mfundo ndinamanga ndine, ndipo pa zonse zimene ndinachita tsiku limenelo, mfundo zokhazo ndi zimene ndinganyadire.

Anathira mchenga m'timatumba, n'kutilowetsa kamodzikamodzi pakati pa mtsuko ndi zidutswa za simenti, mpaka kulemera kunayamba kuchoka pa msongolo wanga. Kenako anadutsitsa chiguduli pansi pake. A Sitima anagwira mbali imodzi, Mayi Mbewe mbali ina, ndipo a Sitima, munthu wosadikira tiyi, anakweza pang'onopang'ono kuposa wonyamula khanda. Mtsuko unatuluka pa kuwala utavala zipani zonse nthawi imodzi. Unadutsa pafupi ndi nkhope yanga, ndipo ndinamva mapira akusuntha m'kati mwake. Anaukhazika bwinobwino pa mchenga.

Kenako anakumbukira za ine. Anandikoka awiri. Ndinafuna kutuluka ngati munthu amene wachita chinthu chachikulu, mwina kugwedeza dzanja kwa anthu a pazenera. Koma nditaponda, mwendo wamanzere unakana kuti umandidziwa, ndipo ndinagwa chagada pamaso pa apongozi a wina. Ndinadzuka n'kuuyamba ulendo wa kuchimbudzi modumpha ndi mwendo umodzi, nditagwira phewa la a Sitima, khamu likupatuka ngati likudziwa vuto langa (linkadziwa, mkazi wanga anali atamva za tiyi kwa amisiri n'kuuza aliyense).

A Nachisale anaipeza galimoto yawo, ndipo ndinamva kuti mkwatibwi anaoneka bwino. Ntchito ya m'kachipinda kaja inaima kwa milungu ingapo. Mayi Mbewe anabwera ndi anzawo, anakumba mosamala, napezanso mapale ambiri, mphero, ndi timikanda. Mafupa a munthu sanapeze, ndipo ndinagona bwino nditamva zimenezo. Mwini sitolo sanakondwe ndi kuchedwako, ndipo popeza sakanatha kukwiyira boma kapena mtsuko, anakwiyira ine. Khonde ndinachokapo mwezi womwewo, n'kukayamba kusokera pansi pa mtengo wa mkungudza pafupi ndi msika.

Atatsala masiku ochepa kuti achoke pa Dedza, Mayi Mbewe anandipeza pamenepo. Anandithokoza chifukwa chopirira. Kenako anati, "Koma mukudziwa kuti mukanamvera, tikanaupezabe, popanda mng'alu kukula?"

"Ndikudziwa, mayi."

"Ndangofuna kuti mudziwe."

Anamwetulira, n'kundisiyira buluku wawo kuti ndisoke bondo limene linang'ambika pa matabwa aja. Sindinawalipiritse.

Munthu wanzeru akanaphunzirapo kutalikirana ndi maenje. Ine zinandiyendera mwina. Kuyambira nthawi imeneyo sinditha kudutsa pamene anthu akukumba osaima. Akhale maziko a nyumba, ngalande ya mipope, dzenje la zinyalala, ndimasiya njinga n'kukasuzumira, kufufuza mzere wa phulusa. Ndimayenda pa boma ndikudziwa kuti pansi pa mapazi anga pali makomo a anthu, ndipo nthawi zina ndimapezeka ndikuponda mofatsa popanda chifukwa. A Nabanda anasiya kupita nane kutchalitchi nthawi imodzi, amati ndimawachedwetsa.

Chaka chatha aneba athu ankakumba chimbudzi chatsopano. Ndinaona kanthu kakuda m'khoma lake, chapansi ndithu, ndipo ndinawerama kuti ndione bwino. Dothi la m'mphepete linali lonyowa. Ananditulutsa ndi makwerero, ndipo kanthu kaja kanali chidendene cha nsapato ya pulasitiki. Mwayi wake chimbudzicho chinali chisanayambe ntchito.